Njerwa Zofanana, Mitengo Yosiyana: Msika wa Nyumba ku Britain

Kumpoto chakum'mawa kwa England, m'dera la County Durham, kuli mudzi wa m'mbali mwa nyanja wotchedwa Horden. Ina mwa misewu yake imangodziwika ndi manambala: First Street, Second Street, mpaka Thirteenth Street. Uku ndi uku kwa misewuyi kwandandalika nyumba za mdadada za njerwa zofiira. Pansi pali balaza ndi khitchini, pamwamba zipinda zogona ziwiri, ndipo ukangotsegula chitseko wafika kale pamsewu. Anazimanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kuti muzikhala anthu okumba malasha. M'zaka zapitazi, zambiri mwa nyumbazi zagulitsidwa pa okushoni pa mtengo wosafika mapaundi 30,000.

Ku London, m'madera a Fulham ndi Battersea, kulinso nyumba zamtundu womwewu, zimene anamangira anthu ogwira ntchito m'mafakitale ndi panjanji. Kukula kwake n'kofanana, ndipo zina n'zakale kuposa za ku Horden. Koma wofuna imodzi lero akonzeke kulipira mapaundi 1 miliyoni kapena kuposerapo. Dziko ndi limodzi, ndalama ndi imodzi, banki yaikulu ndi imodzi, koma nyumba ina ikudula kuwirikiza ka 30 kuposa inzake. Zimene zimabweretsa kusiyana kotereku ndi zitatu: ntchito, chilolezo chomanga, ndi ngongole.

Wogula amalipira chiyani kwenikweni?

Mtengo wa nyumba uli pawiri. Pali chimango, ndiye pali nthaka imene chimangocho chakhalapo. Njerwa, simenti, matabwa ndi malipiro a amisiri zimasiyana ndithu pakati pa London ndi Durham, koma osati kufika powirikiza ka 30. Komanso chimango chimakalamba: denga limayamba kudontha, mapaipi amachita dzimbiri, mawindo amafuna kusintha. Chimene chimakwera mtengo ndi nthaka, ndipo nthaka ya m'tauni imadula malingana ndi malipiro a ntchito zimene munthu wogona pamenepo angathe kufikako m'mawa uliwonse.

Mgodi wa malasha wa ku Horden unkalemba anthu oposa 4,000 pa nthawi imene unali pachimake. Unatsekedwa mu 1987, patangotha zaka ziwiri kuchokera pamene sitalaka yaikulu ya okumba malasha ya 1984 mpaka 1985 inalephera. Chigawo chonsecho chinali pa mavuto ofananawo. Fakitale ya zitsulo ya ku Consett inatsekedwa mu 1980, ntchito yokhoma sitima zapamadzi ku Sunderland inatha mu 1988, ndipo mgodi wa ku Easington, woyandikana ndi Horden, unatsekedwa mu 1993. Achinyamata ambiri anasamuka. Nyumba zinatsala pomwepo, chifukwa nyumba siitsatira mwini wake. Fakitale ikhoza kutsekedwa tsiku limodzi, koma nyumba ya njerwa imaima zaka 100, ndipo zaka zonsezo imakhala ikudikira wogula amene kulibe.

London nayo inaonapo masiku oipa. Mu 1939 munali anthu 8.6 miliyoni, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anali atachepa kufika pansi pa 7 miliyoni. Madoko a pa mtsinje wa Thames anali atatsekedwa. Madera ngati Islington ndi Notting Hill, amene lero ndi a anthu olemera, kale ankadziwika ndi nyumba zakutha zimene mabanja osauka ankachita lendi chipinda chimodzichimodzi. Zinthu zinatembenuka pamene boma la Margaret Thatcher linamasula malamulo a msika wa masheya pa 27 Okutobala 1986. Mabanki a ku America, Japan ndi mayiko ena a ku Ulaya anakhamukira mumzindamo, ndipo pamalo pamene panali madoko panamera nyumba zitalizitali za Canary Wharf. Kalembera wa 2021 anapeza anthu 8.8 miliyoni mu London.

Mzinda wa Aberdeen ku Scotland ukuonetsa zomwezi m'nthawi yochepa. Chuma chake chimadalira mafuta okumbidwa pansi pa nyanja ya North Sea, ndipo kwa zaka zambiri nyumba zake zinali m'gulu la zodula kwambiri m'Scotland. Pakati pa 2014 mgolo wa mafuta unkagulidwa madola oposa 100. Pofika Januwale 2016 unatsika kufika pansi pa madola 30. Makampani anachotsa anthu ntchito, ndipo mitengo ya nyumba ku Aberdeen inayamba kutsika pa nthawi imene ku Edinburgh ndi Glasgow inali kukwera.

Chilolezo chomanga

Anthu akachuluka pamalo, n'zachidziwikire kuti pafunika nyumba zatsopano. Zikanakhala kuti aliyense wokhala ndi munda kunja kwa London ankaloledwa kumangapo, mitengo sikanakwera chonchi. Koma lamulo la mu 1947 lokhudza mapulani a matauni ndi midzi linanena kuti kukhala mwini nthaka sikupatsa munthu ufulu womangapo; ayenera kupempha chilolezo kukhonsolo. Kuwonjezera apo, mizinda ikuluikulu inazunguliridwa ndi malamba a nthaka yosaloledwa kumangapo, kuti matauni asamangotambalala n'kumeza minda. Malambawa anayambira ku London, ndipo kuchokera mu 1955 boma linalimbikitsa mizinda ina kuchita chimodzimodzi. Lero amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 a nthaka yonse ya England.

Cholinga chinali chabwino, ndipo minda yambiri inapulumukadi. Koma chilolezo chinasanduka chinthu chamtengo wapatali. Kum'mwera kwa England, munda wa tirigu ukangopatsidwa chilolezo chomangapo nyumba, mtengo wake umatha kuwirikiza ka 100, khasu lisanagwe n'komwe. Amene ali kale ndi nyumba nthawi zambiri amakana zoti pafupi nawo pamangidwe zina, ndipo iwowa ndiwo amavotera makhansala. Ofuna nyumbazo amakhala asanafike m'deralo, choncho mawu awo samveka pamsonkhano wa khonsolo.

Kale boma linkadzimangira lokha. M'zaka za m'ma 1950 makhonsolo ankatha kumanga nyumba zoposa 200,000 pa chaka, ndipo mu 1968 nyumba zonse zomangidwa m'dzikomo, za boma ndi za makampani, zinapitirira 400,000. Mu 1980 panabwera lamulo lopatsa anthu okhala m'nyumba za khonsolo ufulu wozigula pa mtengo wotsika ndi 33 mpaka 50 peresenti. Mabanja pafupifupi 2 miliyoni m'England anagula, ndipo kwa ambiri chinali chuma choyamba chimene banja lawo linakhalapo nacho. Vuto linali lakuti makhonsolo sanaloledwe kugwiritsa ntchito ndalama zambiri za malondawo pomanga zina. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, makhonsolo onse pamodzi ankamanga nyumba zosakwana 1,000 pa chaka. Scotland inathetsa ufulu wogulawu mu 2016, ndipo Wales inatsatira mu 2019.

Mphamvu ya ngongole

Ku Malawi anthu ambiri amamanga pang'onopang'ono ndi ndalama za m'thumba: chaka chino puloti, chaka chamawa faundeshoni, kenako malata. Chiwongola dzanja chimene banki yaikulu inakhazikitsa mu 2024 chinali 26 peresenti, ndipo pa mlingo wotere ngongole ya zaka 20 ndi ya anthu owerengeka. N'chifukwa chake mtengo wa nyumba ku Lilongwe kapena ku Blantyre umatsatira kwambiri mtengo wa simenti ndi mphamvu ya kwacha, monga zinaonekera ndalamayi itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ku Britain n'zosiyana. Ambiri amagula nyumba yomanga kale, ndi ngongole ya kubanki yobweza zaka 25 kapena kuposerapo, nyumbayo ili chikole. Wogula amapereka dipoziti, mwina 10 peresenti, ndipo zotsalazo ndi za banki.

Zikatere, funso la wogula limakhala lakuti, "Ndizilipira zingati pamwezi?" Taonani masamu ake. Munthu akakongola mapaundi 200,000 kwa zaka 25 pa chiwongola dzanja cha 2 peresenti, amabweza pafupifupi mapaundi 850 pamwezi. Chiwongola dzanja chikafika 6 peresenti, ngongole yomweyo imafuna mapaundi pafupifupi 1,290 pamwezi. Ngati thumba lake limangokwanitsa 850 yomwe ija, banki ingamukongoze mapaundi 132,000 okha. Choncho chiwongola dzanja chikatsika, ogula onse amabwera kumsika ndi ndalama zambiri pa nthawi imodzi. Kumene nyumba zilipo zambiri, ndalamazo sizisintha zinthu kwenikweni. Kumene nyumba n'zochepa ndipo kumanga n'kovuta, ogulawo amapikisana, ndipo ndalama zonsezo zimathera pa kukweza mtengo wa nyumba zomwe zilipo kale.

Izi n'zimene zinachitika kwa zaka pafupifupi 30. Mu Okutobala 1989 chiwongola dzanja cha boma chinali 15 peresenti. Mu Malichi 2009 banki yaikulu, Bank of England, inachitsitsa kufika pa 0.5 peresenti, ndipo mu Malichi 2020 chinafika pa 0.1 peresenti. Mu 1997 nyumba yapakatikati m'England inkadula kuwirikiza ka 3.5 malipiro apachaka a munthu wogwira ntchito. Mu 2023 inali kuwirikiza ka 8.3. Koma nambala imeneyi ikubisa zambiri: kumpoto chakum'mawa inali pafupifupi ka 5, ku London pafupifupi ka 12, ndipo m'dera la Kensington and Chelsea inapitirira ka 30.

Kukwera kumayambira kum'mwera

Mitengo m'zigawo za Britain siikwera pa nthawi imodzi. Kawirikawiri London ndiyo imayamba. Anthu akalephera kugula mumzindamo amasunthira kumatauni ozungulira kumene kukufika sitima, mitengo n'kukweranso kumeneko. Kenako ogula nyumba zochititsa lendi amaona kuti kum'mwera phindu lachepa, n'kupita kukagula ku Birmingham, Manchester ndi Leeds. Kukwerako kukamafika kumpoto kwenikweni, nthawi zambiri London imakhala itaima kale kapena itayamba kutsika.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zinayenda chomwecho. Chiwongola dzanja chitakwera, mitengo inagwa, ndipo kum'mwera ndiko kunapweteka kwambiri. Mu 1991 mokha mabanki analanda nyumba zoposa 75,000. Mabanja enanso ambirimbiri anapezeka ali ndi ngongole yoposa mtengo wa nyumba yawo, moti ngakhale akanaigulitsa, akanatsalabe ndi ngongole. Oterewa sankatha kusamuka ngakhale ntchito itapezeka kwina.

Kuchokera pakati pa zaka za m'ma 1990 London inayambanso kukwera, ndipo kumpoto kunatsatira mwamphamvu pakati pa 2002 ndi 2004. Mabanki anali kukongoza mosaopa. Banki ya Northern Rock, ya ku Newcastle, inkapereka ngongole yofika 125 peresenti ya mtengo wa nyumba, kutanthauza kuti wogula ankalandira ndalama zoposa chikole chake. Mu Seputembala 2007 zitadziwika kuti bankiyo yapempha thandizo ku Bank of England, anthu anafola pamizere kunja kwa nthambi zake kuti atape ndalama zawo, zimene zinali zisanachitike ku Britain kwa zaka zoposa 100. Boma linaitenga mu Febuluwale 2008. Mitengo ya nyumba m'dziko lonse inatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5.

Kugwa kunali kwa onse, koma kudzuka kunali kwa aliyense payekha. London inabwerera pa mitengo yake yakale cha m'ma 2012, n'kupitiriza kukwera mothamanga mpaka 2016, mothandizidwa ndi chiwongola dzanja chotsika komanso ndalama za ogula ochokera kunja. Kumpoto chakum'mawa kunatenga zaka pafupifupi 13 kuti kufikenso pa mitengo ya 2007. Ku Northern Ireland, kumene mitengo inali itakwera mopenga potsatira ya ku Republic of Ireland, inagwa ndi kuposa theka pofika 2013, ndipo patatha zaka 15 kuchokera mu 2007 inali isanabwerere pamene inali.

M'chaka chomwecho cha 2013, pamene ofuna nyumba ku London anali kulimbirana, makhonsolo a Liverpool ndi Stoke-on-Trent anayamba kugulitsa nyumba zosiyidwa pa mtengo wa paundi imodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: nyumbazo zinali zitakhala zaka popanda munthu, zina zopanda magetsi ndi mapaipi, denga likudontha. Wogula ankayenera kuikonza ndi kukhalamo zaka zosachepera 5 asanaganize zogulitsa. Ku Stoke khonsolo inkapereka ngongole ya mapaundi 30,000 yokonzera. Chimene makhonsolowo ankafuna chinali anthu oti adzazenso misewu imene inali itasanduka mabwinja.

Kuchokera mu 2016 London inayamba kuima. Mitengo inali itafika poti ngakhale olandira bwino sakanaikwanitsa, ndipo mu Epulo chaka chimenecho boma linawonjezera msonkho wa 3 peresenti kwa ogula nyumba yachiwiri. Manchester, imene inali kukopa ntchito zatsopano makamaka BBC itasamutsira nthambi zake zina ku Salford mu 2011, inayamba kukwera mofulumira kuposa likulu.

Namwino mmodzi, mizinda iwiri

Tiyeni titsatire namwino amene wangoyamba ntchito m'zipatala za boma za NHS, monga amachitira ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Malipiro a anamwino amakhazikitsidwa mofanana m'England yonse, ndipo mu 2024 woyamba kumene ankalandira pafupifupi mapaundi 30,000 pa chaka. Mu 2014 mabanki analetsedwa kupereka ngongole zambiri zopitirira malipiro apachaka kuwirikiza ka 4.5, choncho namwinoyu angayembekezere ngongole ya mapaundi 135,000. Akasunga dipoziti ya 15,000, ali ndi 150,000. Ku Sunderland, Middlesbrough kapena Burnley, ndalama imeneyi imagula nyumba ya mdadada ya zipinda ziwiri kapena zitatu, ndipo nthawi zina chenji chimatsala. M'chigawo cha kumpoto chakum'mawa nyumba yapakatikati mu 2024 inali pafupifupi mapaundi 160,000.

Namwino yemweyo akalembedwa pachipatala cha m'katikati mwa London, amawonjezeredwa pafupifupi 20 peresenti chifukwa cha kudula kwa mzindawo, n'kufika cha pa 36,000. Banki ingamukongoze 162,000. Koma nyumba yapakatikati mu London ndi yoposa mapaundi 500,000. Ngakhale atakwatirana ndi namwino mnzake n'kuphatikiza malipiro, ngongole yawo ingafike 324,000 basi. Dipoziti nayo imavuta kusunga, chifukwa lendi ya chipinda chimodzi m'nyumba yokhala ndi anthu ena imadya gawo lalikulu la malipiro. Chotsatira chake, ena amagona kutali n'kumathera maola awiri kapena atatu pa sitima tsiku lililonse, ena amasamukira kumpoto, ndipo zipatala ndi sukulu za ku London zimavutika kusunga antchito.

Mliri ndi chiwongola dzanja chatsopano

Mliri wa Covid-19 unagwedeza mfundo ija yakuti nthaka imadula chifukwa cha ntchito zapafupi. Mu 2020 anthu a m'maofesi anayamba kugwirira ntchito kunyumba pa intaneti, ndipo ambiri anaona kuti palibe chifukwa chopanikizana m'kafulati ka ku London pamene ndalama yomweyo ingagule nyumba ya bwalo ndi dimba kumudzi. Mu Julaye 2020 boma linachotsa kwa kanthawi m'England msonkho wogulira nyumba zosapitirira mapaundi 500,000. Mitengo inakwera kwambiri ku Cornwall, ku Wales ndi m'madera a m'mbali mwa nyanja, pamene mafulati a m'katikati mwa London ankasowa ogula.

Eni madera amenewo sanasangalale onse. Malipiro a msodzi kapena woperekera zakudya mu hotela ku Cornwall sangapikisane ndi a munthu wa kubanki ya ku London. Madandaulowa anali akale: mu 2016 anthu a m'tauni ya St Ives anavota kuti nyumba zomangidwa kumene zizigulitsidwa kwa okhawo amene azikhalamo chaka chonse. Kuchokera mu Epulo 2023 makhonsolo a ku Wales analoledwa kuwonjezera msonkho wa nyumba zachiwiri mpaka ndi 300 peresenti.

Kenako ngongole yotchipa inatha. Pofuna kuthana ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, Bank of England inayamba kukweza chiwongola dzanja mu Disembala 2021, mpaka chinafika 5.25 peresenti mu Ogasiti 2023. Pakati pa nthawiyi, ndondomeko ya zachuma imene boma la Liz Truss linalengeza pa 23 Seputembala 2022 inasokoneza misika, ndipo m'masabata ochepa ngongole zambiri za nyumba zinapitirira 6 peresenti. Monga masamu aja akusonyezera, kukwera kotere kumaluma kwambiri amene ngongole yawo ndi yaikulu. Choncho kum'mwera mitengo inaima kapena kutsika pang'ono, pamene kumpoto kwa England, ku Scotland ndi ku Northern Ireland inapitirizabe kukwera. Mpata wa pakati pa zigawo unachepako, ngakhale kuti ukadali waukulu.

Amene amapindula ndi amene amatsala

Kusiyana kwa mitengoku kumagawa anthu m'njira imene khama silingafotokoze. Tiyerekeze aphunzitsi awiri amene anagula nyumba zofanana mu 1995, wina ku London, wina ku Sunderland. Onse anagwira ntchito zaka zofanana, pa malipiro osasiyana kwambiri, ndipo onse anamaliza kubweza ngongole. Wa ku London akapuma ntchito angagulitse nyumba yake, kugula ina kumpoto, n'kutsala ndi ndalama zopatsa ana ake dipoziti. Wa ku Sunderland akagulitsa yake, sangagule ngakhale fulati ya chipinda chimodzi m'madera ambiri a London. Mwana wake akapeza ntchito yabwino kulikulu, gawo lalikulu la malipiro ake lidzapita kwa landilodi. Pang'ono ndi pang'ono, zoti wachinyamata agula nyumba kapena ayi zikudalira kumene makolo ake anagula yawo. Mabanja okhala m'nyumba za lendi za anthu wamba m'England anali pafupifupi limodzi mwa 10 alionse mu 2000. Patatha zaka 20 anali pafupifupi limodzi mwa 5.

Maboma osiyanasiyana ayesa kuthandiza. Ndondomeko ya Help to Buy, imene inayamba mu 2013, inkakongoza wogula 20 peresenti ya mtengo wa nyumba yatsopano, ndipo ku London inakwezedwa kufika 40 peresenti mu 2016. Inathandiza mabanja ambiri, koma otsutsa ankati kupatsa ogula ndalama zambiri kumene nyumba n'zochepa kumangokweza mitengo. Boma la chipani cha Labour limene linalowa mu 2024 linalonjeza nyumba 1.5 miliyoni m'England m'zaka 5, ndipo linayamba kumasula ena mwa malamulo a malamba aja a nthaka yosaloledwa kumangapo. Ngati lonjezoli likwaniritsidwe, funso lalikulu lidzakhala la kumene nyumbazo zamangidwa. Oxford, Cambridge, Bristol ndi London zili ndi ntchito koma zikusowa nyumba. Matauni a migodi yakale ali ndi nyumba koma akusowa ntchito. Mankhwala a dera lina sangachize linzake, ndipo aliyense womva pa wailesi kuti mitengo ya nyumba m'dziko yakwera ndi maperesenti akutiakuti ayenera kufunsa kaye kuti yakwera kuti, kwa anthu olandira zingati, ndiponso pa chiwongola dzanja chotani.